Kodi ndinu nomwe aja? Za dzina ndi mbiri ya bizinesi pa intaneti kuno ku Joni

Novembala akangolowa, magulu a WhatsApp a Amalawi kuno ku Joni amayamba kutentha. Ndi nyengo yotumiza katundu kumudzi: mafiriji, malata, matilesi, njinga, zigubu za mafuta ophikira, zonse zoti zikafike Khirisimasi isanakwane. Ndi nyengo yomweyonso imene nkhope ya munthu imaponyedwa m'gulu ndi mawu akuti "chenjerani naye uyu". Wodandaula akuti analipira dipoziti koma katundu wake mpaka lero ali pakhonde. Transipota akulumbira pali Mulungu kuti ndalamayo sanaione, ndipo tsamba la Facebook limene munthuyo anapezapo nambala si lake. Gulu limagawikana, ena uku ena uko, mpaka oyang'anira gulu kutseka kuti pasalembenso munthu.

Chosautsa n'chakuti nthawi zambiri onse awiri amanena zoona. Wina anaberedwadi, winayo sanabe. Wakuba ndi wachitatu, kamberembere amene anangokopera zithunzi za thiraki ndi thirela, n'kutsegula tsamba la dzina lofanana, n'kuikapo nambala yake. Ndipo chinamupeputsira ntchito n'chakuti transipota weniweniyo ali ndi masamba atatu, nambala zinayi, ndi akaunti ya kubanki ya dzina la mlamu wake. Kasitomala akanadziwa bwanji kuti tsamba lachinayi ndi labodza? Apa ndi pamene pagona nkhani imene anthu ophunzira za malonda amaitcha brand, imene ambiri timaiona ngati ya makampani a ku Sandton okha.

Brand n'chiyani kwenikweni?

Mawuwa ndi achingerezi, ndipo anachokera ku ziweto. Kale eni ng'ombe ankaotcha chitsulo pamoto n'kudinda nacho chikopa cha ng'ombe kuti ikasakanikirana ndi za ena idziwike mwini wake. Kwathu timachita zofanana pamaliro ndi paukwati: amayi amadontheza penti pansi pa mbale ndi mapoto awo, wina wofiira wina wobiriwira, kuti mwambo ukatha aliyense atole zake popanda kukangana.

Pa malonda chizindikirocho chimanyamula zambiri kuposa kungonena mwini. Mukaona botolo la Nali pashelefu m'kashopu ka Mmalawi ku Mayfair, lilime limadziwiratu ukali wake musanatsegule. Ambirife madzi aliwonse otsekemera osungunula timangoti Sobo, mankhwala aliwonse otsukira mano timati Colgate. Maina amenewa anafika pamenepo chifukwa kwa zaka zambiri botolo, mtundu ndi kukoma zinali zomwezomwezo. Brand ndiye dzinalo pamodzi ndi zonse zimene munthu amayembekezera akalimva.

Ili ndi mbali ziwiri. Yoyamba ili m'manja mwanu: dzina la bizinesi, kalembedwe kake, chizindikiro ndi mitundu yake, nambala ya foni, mitengo, kayankhulidwe kanu ndi makasitomala. Yachiwiri ili m'kamwa mwa anthu: zimene amanena inu mulibe, imene ndi mbiri yanu. Mbali yachiwiriyi simungailamule, mungangoilimira ngati munda. Koma kuti mbiri yabwino iunjikane, imafunika malo amodzi ogwerapo. Dzina likamasintha mwezi ndi mwezi, zabwino zimene anthu akunena zimamwazika ngati chimanga chothiridwa m'thumba lobooka.

Telala wa maina anayi

Chaka chatha mlongo wanga ankafuna madiresi a chitenje a pachinkhoswe, ndipo mnzanga wa kutchalitchi anatiuza za telala wina wa ku Mangochi amene amasokera chakufupi ndi Fordsburg. Anatipatsa dzina la bizinesi yake. Titalisaka pa Facebook tinapeza masamba awiri, lina losiya kulembedwa zaka ziwiri zapitazo, lina la dzina losiyanako pang'ono. Nambala za pamasamba awiriwo zinali zosiyana. Pa WhatsApp chithunzi chake chinali cha timu ya mpira. Titafika pakhomo la shopu, chikwangwani chinali ndi dzina lina ndithu, la amene ankachita lendi malowo kale. Kenaka atatipatsa akaunti yoti tiikemo theka la ndalama, foni inaonetsa dzina la mayi.

Mlongo wanga anabweza foni m'chikwama. "Achimwene, pepani, koma ndinu nomwe aja tinauzidwa?"

Bamboyo anachotsa phazi pamakina n'kuseka mwamanyazi. "Ndine ndemwe, achemwali. Foni anandilanda kurenki ya matakisi, tsamba loyamba linapita nayo limodzi, pasiwedi sindiikumbuka. Akauntiyo ndi ya akunyumba, yanga anaitseka pepala langa litatha."

Palibe bodza limene ananena. Madiresi anawasoka bwino kwabasi, msoko wake wowongoka ngati wa m'fakitale. Zifukwa zakenso ndi zimene Mmalawi aliyense kuno amazidziwa: mafoni amabedwa, banki imaumitsa akaunti chiphaso chikatha, malo a lendi timasamukasamuka. Koma ife tinatsala pang'ono kutuluka, ndipo tinakhala chifukwa mnzathu wa kutchalitchi anatsimikiza pafoni. Ndimadzifunsa kuti ndi angati amene anafika pa masamba awiri aja, analibe womufunsa, n'kupita kwa telala wina. Vuto ndi lakuti kusinthasintha maina ndi nambala ndi khalidwe lenileni la mbava. Munthu wachilungamo akamachita zomwezo, ngakhale pa zifukwa zomveka, wavala malaya a wakuba.

Momwe makina amakuonerani

Pa intaneti, asanakuoneni munthu amayamba kukuonani ndi makina. Munthu wa ku Randburg akalemba pa Google kuti akufuna wopenta nyumba pafupi naye, mapu amamuonetsa mabizinesi amene analembetsa pa Google Business Profile, imene mpaka 2021 inkatchedwa Google My Business. Kulembetsako n'kwaulere. Google imayerekeza dzina, adiresi ndi nambala zimene mwalemba pamenepo ndi zimene ikupeza kwina. Zikagwirizana imakhulupirira kuti bizinesiyo ilipodi. Zikasemphana imakayika monga anakayikira mlongo wanga. Amene alibe shopu, monga okonza mapaipi, opala matabwa kapena osamalira maluwa, akhoza kubisa adiresi ya kuchipinda kwawo n'kungolemba madera amene amafikako.

Chofunika kuchimvetsa n'chakuti ndemanga ndi nyenyezi zimene makasitomala amapereka zimamatirira pa tsambalo, osati pa inu. Mukataya tsamba lokhala ndi ndemanga 40 n'kutsegula latsopano, mwayambiranso pa ziro ngati munafika dzulo pa Park Station. Facebook nayo ili ndi malo pa tsamba lililonse la bizinesi oonetsa tsiku limene linatsegulidwa ndi maina amene linakhalapo nawo kale. Ogula ochenjera amayang'ana pamenepo. Tsamba la transipota lotsegulidwa sabata zitatu zapitazo koma lodzitama kuti lakhala likunyamula katundu zaka khumi, ladziulula lokha. Tsamba lakale, la dzina limodzi, ndi chuma chimene wakuba sangachipange usiku umodzi.

Nambala ya foni ndiye msana wa zonsezi. Nambala yogula mayunitsi ikakhala miyezi osagwiritsidwa ntchito, kampani ya foni imaitenga n'kuipatsa munthu wina. Foni ikabedwa, ambiri amangogula SIM yatsopano pamsewu chifukwa n'zachangu, pamene kupita kukabwezeretsa nambala yakale kukanapulumutsa makasitomala onse amene anaisunga. Kuti zimenezo zitheke, SIM iyenera kukhala yolembetsedwa m'dzina lanu motsatira RICA, lamulo lolembetsa ma SIM, osati yogula yolembetsedwa kale m'dzina la munthu amene simumudziwa. WhatsApp Business, imene inatuluka mu 2018 ndipo ndi yaulere, imalola kuika dzina la bizinesi, maola ogwirira ntchito ndi zithunzi za katundu ndi mitengo yake. Ilinso ndi PIN ya manambala asanu ndi limodzi yotchingira amene angafune kulanda akauntiyo. Manambala achinsinsi otsimikizira akaunti amene amabwera pa SMS sapatsidwa kwa wina aliyense, ngakhale wolembayo akhale ndi chithunzi cha abusa anu. Pa tsamba la Facebook ndi bwino oyendetsa akhale awiri, inu ndi wina wodalirika, kuti foni imodzi ikapita tsamba lisapite nayo.

Za akaunti ya kubanki ndikudziwa kuti si aliyense angazikonze mawa. Ngati ndalama zimalowera m'dzina la akunyumba kapena la mbale wanu, nenani zimenezo poyera, pa tsamba ndi pa risiti, kasitomala asanafunse: ndalama zathu zimalowa ku akaunti iyi yokha, ya dzina ili lokha. Mukatero, tsiku limene kamberembere adzapereke akaunti ina, kasitomala adzakhala ndi poyerekezera.

Miseche ya pachitsime inasamukira pafoni

Mbiri si chinthu chatsopano. Kumudzi aliyense amadziwa mmisiri amene nyumba zake zimang'aluka ndi mayi amene mowa wake suphwetsa. Chasintha n'chakuti ya pachitsime inkauluka ndi mphepo, pamene ya pa intaneti imalembedwa. Mlandu suwola, amatero akuluakulu, ndipo screenshot ndiye siwola n'komwe. Mawu amene munajambula mutakwiya usiku, kutukwana kasitomala wovuta, mawa lake ali m'magulu a ku Cape Town, Durban ndi Mzimba, akumvedwa ndi anthu amene sakudziwa chimene chinayambitsa.

Dziko lino lili ndi chizolowezi chodandaula polemba. Tsamba la HelloPeter, limene anayambitsa Peter Cheales m'chaka cha 2000, ndi bwalo limene anthu a kuno amakadandaulirako za mabanki, makampani a foni ndi a inshuwalansi, ndipo makampani akuluakulu ali ndi antchito ongoyankha madandaulo amenewo. Kasitomala wa ku Fourways amene mwamukonzera denga anakulira m'chizolowezi chimenechi. Asanakuitaneni amawerenga ndemanga, mukamaliza akhoza kulemba yake.

Pali kupendekeka kumene aliyense wa bizinesi ayenera kukudziwa: wokwiya amalemba yekha, wokondwa amangoti zikomo n'kumapita. Mukasiya zinthu kuti ziziyenda zokha, tsamba lanu lidzadzaza ndi anthu atatu amene munasemphana nawo, pamene zana limene munalitumikira bwino lili chete. N'chifukwa chake kupempha ndemanga si kudzichepetsa. Ntchito ikatha, kasitomala akumwetulira, ndi nthawi yomutumizira polembera. Kugula ndemanga zabodza kapena kuuza abale khumi kuti alembe tsiku limodzi ndi nkhani ina: malamulo a Google amaletsa, ikazindikira imazichotsa, ndipo owerenga nawonso amanunkhiza ndemanga khumi zofanana mawu.

Mphamvu ya zimenezi inaonekera pa makampani akuluakulu. Mu Januwale 2018, chithunzi chotsatsa malonda cha H&M choonetsa mwana wachikuda atavala juzi yolembedwa mawu omutcha nyani chinafalikira pa intaneti, otsatira chipani cha EFF anakachita zionetsero m'masitolo ake kuphatikizapo ya ku Sandton City, ndipo kampaniyo inatseka kaye masitolo ake m'dziko lino. Mu Sepitembala 2020 kampani ya masitolo ya Clicks inagwa m'dzenje lofanana chifukwa cha malonda a zodzola za tsitsi za TRESemmé pa tsamba lake, amene anaonetsa tsitsi la akazi achikuda ngati louma ndi lowonongeka, la mzungu ngati labwinobwino. Inapepesa n'kuchotsa katunduyo m'mashelefu. Makampani amenewa alipobe chifukwa ali ndi ndalama zopirira mkuntho. Mayi wogulitsa usipa ndi mpunga wa Kilombero ku Turffontein alibe zimenezo. Mpamba wake ndi wa mwezi umodzi.

Dzina limene tonse tinabadwa nalo

Kwa ife alendo nkhaniyi ili ndi mbali ina yolemera. Yang'anani zotsatsa ntchito m'magulu a Facebook a madera a kuno ndi pa zikwangwani za m'masitolo: ofuna ntchito ya m'munda kapena ya m'nyumba ambiri amayamba ndi kunena kuti ndi Amalawi. Amatero chifukwa liwu limenelo limagula. Linamangidwa ndi agogo athu a nthawi ya Wenela ndi Theba, ndi zikwi za anthu amene anasungira mabwana makiyi a nyumba zaka makumi osasowetsa ngakhale supuni. Ndi brand imene palibe anailembetsa, koma tonse timadyerapo.

Ndipo ikawola imodzi zawola zonse. Mu Okutobala 2024 ana asanu ndi mmodzi anamwalira ku Naledi, ku Soweto, ndipo zofufuza zinapeza kuti chinawapha ndi mankhwala ophera tizilombo otchedwa terbufos. Mkwiyo pa intaneti unagwera ma spaza (timashopu ta m'makomboni) a alendo onse, osasankha. Pa 15 Novembala 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula kuti ma spaza onse ndi malo ogulitsa zakudya alembetse ku makhonsolo pasanathe masiku 21, ndipo nthawiyo inadzatalikitsidwa kufika pa 28 Febuluwale 2025. Makolo amene anataya ana anali ndi chifukwa chokwiyira, ndipo eni mashopu ambiri aukhondo analipira mlandu umene sanapalamule. M'nyengo ngati imeneyo, wamalonda amene anthu a m'dera amamudziwa ndi dzina limodzi, nkhope imodzi ndi mapepala opachikidwa pakhoma amakhala ndi omuikira kumbuyo. Wosadziwika amangowerengedwa m'gulu.

Dandaulo likafika

Palibe bizinesi yosalakwa. Thiraki imagona masiku pa Beitbridge, imachedwanso pa Nyamapanda ndi pa Mwanza, katundu amanyowa, keke ya ukwati imafika itapendekeka. Funso ndi lakuti anthu aona chiyani pambuyo pake. Poyankha dandaulo la poyera, kumbukirani kuti simukuyankha wodandaulayo yekha. Mukuyankha anthu mazana amene akuwerenga mwakachetechete, akuyeza ngati angakupatseni firiji yawo. Iwowo sayembekezera kuti musalakwe. Akufuna kuona ngati mumapezeka zinthu zikavuta.

Yankho labwino ndi lalifupi, laulemu, lovomereza chimene chili choona ndi lonena chimene muchite ndi tsiku lake. Zotsala zikakambidwe kumbali, ndipo zikatha mubwerere kudzanena kuti zatha. Kufufuta dandaulo ndi kutsekera wodandaula kunja kumangomutumiza ku gulu lina kumene inu mulibe pakamwa. Kuzimitsa foni ndiye koipitsitsa, chifukwa ndi chimene wakuba amachita. Transipota amene amatumiza chithunzi cha mzere wa mathiraki pachipata, makasitomala asanayambe kufunsa, wazimitsa moto usanayake. Wakutsina khutu ndi mnansi: madandaulo atatu onena chinthu chimodzi akukuuzani pamene denga likudontha.

Lamulo nalo lili ndi mawu ake. Consumer Protection Act ya 2008, imene inayamba kugwira ntchito mu 2011, imati katundu akapezeka ndi vuto pasanathe miyezi isanu ndi umodzi, wogula ali ndi ufulu wosankha kuti akonzedwe, asinthidwe kapena abwezeredwe ndalama. Chikwangwani chakuti "katundu wogulidwa sabwezedwa" sichifafaniza ufulu umenewo. Wogulitsa mafoni kapena mipando amene amakangana ndi kasitomala poyera pa mfundo imeneyi akhoza kutaya mbiri ndi mlandu womwe.

Kuponya nkhope m'gulu

Apa pamafunika kuyenda mosamala, chifukwa mbali zonse zili ndi mfundo. Woberedwa nthawi zambiri amaopa kupita kupolisi chifukwa cha mapepala, ndipo gulu la WhatsApp ndilo bwalo lokhalo limene ali nalo. Machenjezo amenewa apulumutsa ndalama za anthu ambiri. Komanso awonongera anthu osalakwa, monga transipota wa tsamba lokopedwa uja, ndipo kupepesa sikuyenda mtunda umene chinenezo chinayenda.

Makhoti a kuno anagamulapo kale. Mu 2013, pa mlandu wotchedwa H v W, khoti lalikulu la ku Johannesburg linalamula mayi wina kuchotsa zimene analemba pa Facebook zonyoza bambo wina. Chaka chomwecho ku Pretoria, pa mlandu wa Isparta v Richter, khoti linalamula chipepeso cha R40 000, ndipo mwamuna amene sanalembe mawuwo koma anangotchulidwa pa zolembazo n'kuzilekerera anapezeka wolakwa limodzi ndi mkazi wake. M'malamulo a dziko lino, kunena kuti "koma n'zoona" sikukwanira pakokha: ziyeneranso kukhala zothandiza anthu kuzidziwa. Wodandaula amene akungofotokoza zimene zinachitika, tsiku, ndalama ndi risiti, waima pouma kuposa amene akungoti "uyu ndi mbava".

Eni mabizinesi nawo ali ndi malire. Lamulo la POPIA, loteteza zinsinsi za anthu, linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021. Nambala, adiresi ndi chithunzi cha pasipoti zimene kasitomala anakupatsani ndi za ntchito imene anakupatsirani basi. Kuziponya pa status chifukwa ali ndi ngongole yanu, kapena kumulowetsa m'gulu la malonda osamupempha, kukhoza kukubweretserani dandaulo kwa Information Regulator, ofesi yoona za lamuloli. Ngakhale lisafike kumeneko, makasitomala ena aona zimene mumachita ndi zinsinsi za anthu.

Kodi dzinalo ndi lanu mwalamulo?

Ambiri amaganiza kuti akalembetsa kampani ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani, ndiye kuti dzina ndi chizindikiro zatetezedwa. Ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale zonse zimachitikira ku ofesi yomweyo. Kulembetsa kampani kumabala kampaniyo. Kuti dzina kapena chizindikiro cha malonda chikhale chanuchanu pa mtundu wa katundu amene mumagulitsa, chimalembetsedwa padera pansi pa Trade Marks Act ya 1993, ndipo chitetezocho chimakhala zaka 10, zongowonjezeranso zikatha. Chimathera m'malire a South Africa. Amene ali ndi nthambi ku Limbe kapena ku Lilongwe ayenera kulembetsanso kumudzi. Si bizinesi iliyonse yaing'ono ingakwanitse zimenezi, koma musanapentetse dzina pathiraki ndi kusindikiza marisiti, n'kwanzeru kufufuza ngati lilibe kale mwini. Chikalatacho chimathandizanso podandaula ku Facebook kuti atseke tsamba lokuberani dzina.

Nthawi zina kusintha dzina n'kosapeweka: mwapatukana ndi mnzanu amene munayamba naye, kapena bizinesi yakula kupitirira dzina lakale. Kusinthako kuchitike masana, pa tsamba lomwelo ndi nambala yomweyo, maina onse awiri akuonekera limodzi kwa miyezi ingapo mpaka anthu azolowere.

Telala uja ndinamuonanso mwezi wathawu. Chikwangwani cha pakhomo anachipentetsa, dzina lake n'lofanana tsopano ndi la pa WhatsApp, ndipo m'malo mwa timu ya mpira pali chithunzi cha diresi la chitenje chobiriwira. Pakhoma pafupi ndi makina anamata pepala lonena dzina la akaunti imene ndalama zimalowera. Tsamba loyamba lija ndiye likadalipo, ndi ndemanga zake zabwino zonse, ndipo sangathe kulowamo. Ndinaimba nambala imene ili pamenepo. Anayankha mayi wina wolankhula Chizulu, amene anati nambalayo anaigula chaka chatha, ndipo pafupifupi sabata iliyonse pamaimba munthu wofunsa za madiresi.